Makina okana khofi wa ku Phoka

Pa depoti ya Rumphi Boma, bambo wina anafunsa mayi wachikulire amene ankasuzumira m'minibasi iliyonse yochokera ku Mzuzu.

"Mukudikira alendo, amama?"

"Ndikudikira khofi, adada. Mwana wanga Hezron ali ku Joni, ananditumizira makina ophikira khofi. Amangodya timakapu tomata ta komweko. Khofi wolima ndekha ku Phoka amamukana ngati mpongozi wonyada."

"Ndiye ndi makina achabe. Bwanji osangowataya?"

"Ndiwo amandipatsa chifukwa chomuimbira foni. Timakapu tikatha ndimamuuza kuti bwera nato wekha, udzaonenso manda a bambo ako."

"Iye amati chiyani?"

"Amati ndamva, amama. Tsiku likafika, m'basi mumangotsika katoni."