Kachilombo Kachiwiri ka Amayi a Zipi

Makolo, abale ndi nonse amene mwabwera, mundikhululukire ngati mawu anga sakufika kumbuyoko. Sindinayankhulepo pagulu. Amalume ndi amene amayenera kuwerenga mbiriyi, koma mawu awatha ndi kulira, ndiye andipatsa ine, mwana wa malemu. Ndiyambe ndi kuulula kuti pepala ndagwirali si lija analemba amalume. Lawo likungoti amayi adwala nthawi yochepa. Ine ndakhala ndikudziwa chimene ankadwala kuyambira ndili mwana, ndipo sindinauzepo munthu, ngakhale mnzanga wokhala naye desiki imodzi. Lero ndikanakhalanso chete. Koma abale agwirizana kuti mawa ndinyamuke ndi azakhali, alongo awo a bambo, kukakhala kwawo kutali ndi kuno, pamene Lachinayi ndikufunika kuchipatala, ndipo kumeneko sandilandira ndili ndekha. Ndifotokoza. Ndiloleni ndiyambe ndi amayi.

Malemu amayi anga anabadwa pa 9 Juni 1984, m'banja la ana awiri, iwo ndi amalume. Anayamba sukulu mu 1991 ndipo anasankhidwa kupita kusekondale mu 1999. Anasiyira panjira mu 2001 kuti azidwazika bambo awo. Sankadandaula nazo. Ankati masamu onse amene anawasiya kusukulu anawapezanso pa tepi yoyezera.

Mu 2002 anayamba kuphunzira kusoka kwa telala wina wachikulire, ndipo mu 2004 anaika makina awo opalasa ndi mapazi pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi pokwerera mabasi. Ambiri a inu mumawadziwa ndi dzina loti Amayi a Zipi. Zipi imene ena anena kuti yatha, iwo ankaipana ndi pulayala, kuipaka kandulo, basi yayenda. Makondakitala ankabwera atagwira thalauza m'chiuno, amayi n'kumati, “Zipi ndikonza, achimwene, koma mimbayo muikonze nokha.”

Anakwatiwa mu Ogasiti 2006 ndi bambo anga, amene ankakonza magetsi. Amayi ankanena kuti bambo anabweretsa jekete imodzimodzi katatu, zipi ataithyola okha, mpaka iwo anawafunsa kuti, “Kodi mukufuna zipi kapena mukufuna ine?” Ine ndinabadwa mu Febuluwale 2008.

Bambo anatisiya mu Novembala 2012. Maliro atatha, amayi anapita kukayezetsa magazi ndipo anawapeza ndi kachilombo ka HIV. Ndikuona ena mwaweramitsa mitu. Pepani. Anayamba kumwa ma ARV mu Januwale 2013, ndipo sanadumphitsepo tsiku. Ankawasunga m'chitini cha mabatani, pansi penipeni, chifukwa ankaopa kuti anthu akadziwa sadzalolanso kuyezedwa m'chiuno ndi manja awo. Kukabwera alendo madzulo, ankangondifunsa kuti, “Batani lija walowetsa?” M'chitinimo munali mabotolo awiri.

Kwa zaka khumi anali amphamvu kuposa ambiri tili pano. Kachilomboko sikankaonekanso m'magazi mwawo. Anamwino aatali aja a kuchipinda chakumapeto kuchipatala kuja, amene ndikuwaona aima kumbuyoko, ankauza odwala atsopano kuti atengere chitsanzo kwa amayi. Tonse tinkayang'ana kachilombo kamodzi. Palibe amene anaganiza zoyeza china.

Mu 2023 amayi anayamba kutopa msanga. Mapazi ankatupa mpaka kulephera kupalasa makina, thupi kuyabwa, kenako mimba inayamba kukula. Makasitomala ankawayamikira kuti ali ndi pakati, ena n'kumanong'onezana kuti bambo ake ndani. Amayi ankangoseka, amvekere, “Mwana ameneyu ndi waulesi, sakukankha n'komwe.” Akafika kunyumba ankasomola madiresi awo m'mbali n'kuwonjezera nsalu. Sankaseka pamenepo. Ine ndinkawagwirira nsaluyo. Kenako maso anasanduka achikasu.

Mu Januwale 2024 adokotala anapeza kachilombo kachiwiri, koyambitsa matenda otupa chiwindi a mtundu wa C. Anatiuza kuti kamalowa kudzera m'magazi, mwina pa jakisoni kapena lezala yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo kamatha kukhala zaka makumi awiri osamveka. Anati kakapeza munthu amene ali ndi HIV kamadya chiwindi mofulumira. Kuti amayi anakatenga liti, palibe akudziwa. Ndikunena zimenezi chifukwa ndamva ena pabwalo pano akuti ankamwa mowa mobisa. Amayi sankamwa mowa.

Adokotala anatinso matendawa amachizika, piritsi limodzi pa tsiku kwa milungu khumi ndi iwiri. Ndinasangalala mpaka ndinaiwala chikwama pabenchi. Koma mtundu wa ma ARV amene amayi ankamwa sunkagwirizana ndi mankhwala a chiwindiwo, ndiye kunafunika kuwasinthira kaye, kuyezanso magazi, kuyeza impso, kudikira. Zonse zitalongosoka, mankhwala a chiwindi kunalibe. Tinkapita, n'kubwerera. Kupitanso, kubwereranso. Amayi ankanyamula malaya a anthu kuti azisokerera mabatani pamzere. Mankhwala anafika mu Juni. Anawamwa onse, osatsala ndi limodzi lomwe.

Mu Disembala 2024 zotsatira zinasonyeza kuti kachilombo ka chiwindi katheratu. Amayi anachira, abale anga. Ndikufuna mumve bwino pamenepa: mankhwala aja amagwira ntchito. Tsiku limenelo ankaimba akupalasa makina, makondakitala n'kumafunsa ngati apeza mwamuna. Koma adokotala anali atatiuza kale kuti chiwindi chauma ndi zipsera, ndipo zipsera zikafika pamenepo sizibwerera. Mu Epulo chaka chino anapezamo chotupa. Ndinafunsa adokotala kuti bwenzi zitatani kachilomboko kakanapezeka kale. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Bwenzi akusokabe.”

Kuyambira pachiyambi adokotala ankauza amayi kuti mwana wawo akayezedwenso, chifukwa kachilombo ka chiwindika kamatha kupita kwa mwana pobadwa. Amayi ankakana. Ankati, “Alembe kaye mayeso. Mutu umodzi sungasenze zonsezi.” Ndinamaliza mayeso a sekondale mu Julayi. Mlungu wotsatira anandiperekeza okha kukayezetsa, atanditsamira paphewa, tikupuma pa polo iliyonse ya magetsi. Zotsatira za magazi anga zitatuluka mu Ogasiti, anakhala pabenchi ya pakhonde la chipatala, akupotokola tepi yawo yoyezera pachala. Anati, “Ine ndimafuna kukusiyira makina, osati izi.” Ndinkafuna kuwauza kuti sindikuwakwiyira, koma pakamwa panga pamakhala polemera, ndipo ndinaganiza kuti nthawi ilipo.

Anagonekedwa m'chipatala kumayambiriro kwa mwezi uno atasanza magazi. Azakhali anabwera tsiku lomwelo. Ankagona pansi pa simenti pafupi ndi bedi, ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwachapira, osanyinyirika. Azakhali ankadziwa kuti ndi chiwindi basi. Ankati, “Alamu, mukachira mundisokere diresi, ndalipira kale ndi msana wangawu.” Masiku omaliza mutu wa amayi unkasokonezeka. Zala zawo zinkayenda pabulangete ngati akukankha nsalu pamakina, ndipo ine ankanditchula kuti kasitomala. Loweruka anandizindikira kwa kanthawi. Anandikoka dzanja n'kunena chapansipansi kuti, “Lachinayi usaphonye. Ndikuperekeza ndine.” Anamwalira mawa lake, pa 14 Sepitembala 2025, ali ndi zaka 41.

Malemu asiya mchimwene wawo, amene ndi amalume, alamu awo, amene ndi azakhali, ndi mwana mmodzi, ine. Asiyanso thumba la zovala za anthu zimene sanamalize. Eni ake mubwere mudzatenge, zina ndayesako kumaliza koma mizere yanga ndi yokhota.

M'malo mwa banja ndikuthokoza eni sitolo ya zitsulo, amene anasunga malo a amayi miyezi yonseyi osaikapo wina. Ndikuthokoza makondakitala ndi madalaivala amene mwanyamula anthu lero. Ndikuthokoza adokotala, ndi anamwino aatali aja, amene akhala akundidziwa kuyambira ndili ndi zaka zinayi koma tikakumana pamsewu amandipitirira ngati sakundidziwa, chifukwa amayi anawapempha choncho. Amayi anga, gonani bwino. Mwatopa. Mzimu wanu uuse mumtendere. Sindinakukwiyirenipo.

Papepala pathera pamenepa. Zotsalazi sindinalembe, ndinaopa kuti ndikalemba ndizing'amba.

Azakhali, ndikuyankhula ndi inu. Tsiku lina munabwera kwathu ndili ndi zaka khumi, ndipo munkakamba za mayi wina woyandikana nanu amene ankamwa ma ARV. Munati anthu otere makapu awo azikhala paokha. Mwina munaiwala. Ine ndinali nditaima pakhomo, piritsi lili pansi pa lilime, ndipo linasungunukira pomwepo chifukwa ndinaopa kumeza inu mukuona. Kuyambira tsiku limenelo ndimakuopani. Koma ndakuonaninso mukupukuta magazi a amayi, mukuwaimbira. Sindikudziwa kuti ndikupita kunyumba kwa azakhali ati mwa awiriwa.

Botolo lachiwiri m'chitini muja ndi langa. Ndinabadwa ndi HIV, ndipo ndili ndi kachilombo ka chiwindi kamene kanawononga amayi. Changa chiwindi sichinaume. Adokotala akuti ndikayamba tsopano ndichira. Mankhwala anga afika ndipo andisungira mpaka Lachinayi, koma pali ena pamzere, ndipo sindikudziwa kuti ena adzabweranso liti. Sindinakwane zaka 18, ndiye pakufunika wamkulu woti akhale nane pamaso pa adokotala, amve zonse, avomere kundiyang'anira milungu khumi ndi iwiri imeneyi. Amayi anati andiperekeza. Mwaona nokha kumene ali.

Kapu yanga ndizitsuka ndekha ngati mukufuna, ngakhale matendawa sayenda pakapu. Ndikupempha musanditenge mawa. Mugone kuno masiku awiri, Lachinayi tipite limodzi. Ngati simungathe, mundiuze lero lomwe anthuwa asanabalalike, kuti ndipeze mpata wopempha wina.

Azakhali, ndikudwala, ndipo sindikufuna kufa. Mundiperekeze.