Ndinamwera Dzina la Mng'ono Wanga

Abale ndi alongo, ambiri kuno ku Nangongwe mumandidziwa ndi dzina lakale, Mkulu wa Loya. Dzina langa lenileni ndi Yelesani, koma ndinalisiya kwa nthawi yaitali chifukwa silinkagula mowa.

Atate athu anachokera kum'mawa kudzagwira ntchito ya njanji. Ine sukulu inandikana ndili wamng'ono. Kuwerenga ndinadziphunzitsa pa nyuzipepala zokulungira nsomba kumsika, n'chifukwa chake nkhani zambiri ndinkazidziwa poyambira pokha. Kothera kwake kunkakhala mafuta.

Mng'ono wanga Gidiyoni ndiye anapita patali. Anakhala loya wa boma ku Lusaka, woima m'khoti ndi mkanjo wakuda. Kenako analowa ndale, anthu n'kumusankha kupita kunyumba ya malamulo. Thukuta linali lake, ulemu ndinkavala ine. Ndikalowa m'bala ndinkayala nyuzipepala patebulo, chala pa chithunzi chake, n'kufunsa kuti, "Mudziwa kuti ndine ndani?" Mabotolo ankabwera okha. Ndinkaweruza ngakhale milandu ya malire a mapuloti, ine amene khoti ndinkangolionera kumsewu.

Pa chisankho china Gidiyoni anagwa. Magalimoto anasiya kuima pageti pake. Matenda a shuga anamutseka maso, ndipo anabwerera kuno, m'kanyumba ka ku Kafue Estates. Munthu amene anamaliza mabuku olemera ngati njerwa sankaonanso chilembo.

Nditapita kukamuona anandigwira dzanja. "Akulu, muzibwera kudzandiwerengera. Chilichonse, olo Masalimo. Mawu anu amamveka ngati a atate."

Ndinati, "Mawa."

Kwawo kunali koyenda pansi, koma panjira panali bala. Ndiponso ndinkachita naye manyazi. Mkulu wa munthu wogwa amugulira mowa ndani? Ndinafika pouza anzanga kuti ine ndi iye sitinkamvana kuyambira kale. Mawa anga anachuluka mpaka Gidiyoni anatisiya.

Mwambo wa chimbuya mukuudziwa. Pamaliro a ife akum'mawa, Abemba amatipaka ufa ndi kutiseka, ndipo sitiloledwa kukwiya. Titachoka kumanda, Bana Mwila, mayi wachibemba wogulitsa makala, anandithira ufa kumutu. Anatola nyuzipepala n'kuyamba kudzandira pakati pa anthu. "Mudziwa kuti ndine ndani?" Anthu anaseka, ngakhale amene ankalira. Inenso ndinaseka. Kenako anaima pamaso panga.

"Iwe Yelesani, loya wako tamusiya kuja. Manje ndiwe ndani? Uzamwera dzina ya ndani?"

Anthu anasekanso. Ine sindinasekenso.

Alamu anga, akazi a malemu, ananditengera kuchipinda. Pambali pa bedi panali mpando, Baibulo lili pamwamba. "Ankakana kuti tiuchotse," anatero. "Ankati ndi wa akulu, abwera."

Lamlungu lotsatira ndinalowa m'tchalitchi muno, ufa usanathe m'makutu. Ndinagwada kumbuyo uko n'kunena kuti, Ambuye, dzina ndilibe. Yesu anandilandira choncho, wopanda nyuzipepala m'manja. Sindinama, mowa sunandisiye tsiku limodzi. Ndinagwa kangapo, abale inu n'kumandidzutsa.

Lero ndimayenda ndi Baibulo lomwe lija kukawerengera odwala, mpaka ku Shimabala. Pa mayina a mafumu a Israeli lilime limandikola, koma odwala ndi anthu achifundo. Ndawerengera anthu ambiri. Gidiyoni sindinamuwerengere ngakhale ndime imodzi. Mulungu anandikhululukira, ndikudziwa, koma mpando uja ndimauonabe.

Alemekezeke Ambuye amene amaitana munthu ndi dzina lakelake. Ngati mtima wanu ukulemera, bwerani kwa Iye lero. Ndipo ngati pali wina amene wakusungirani mpando, tikatuluka muno pitani komweko. Ngati kuwerenga kumakuvutani, nditengeni, tipitire limodzi.