A Thanki ndi Madzi Ochapira

Malemu, amene nonse mumawatchula kuti a Thanki, anabadwa pa 9 Malichi 1954, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlamu wawo, anakwatira alongo anga. Choncho ndikawaseka pang'ono musandiyang'ane ndi diso lofiira. Ndi udindo wanga, ndipo lero ndi lomaliza.

Sukulu anayamba mu 1962, n'kuilekeza mu 1970 bambo awo atamwalira. Analowa ntchito yotsuka magalimoto pagalaja, kenaka anakhala wothandiza dalaivala, mpaka anatenga laisensi ya magalimoto akuluakulu mu 1977. Mu 1980 anamanga banja. Kwathu tinkati munthuyu ndi wofatsa mopitirira muyeso, mkazi adzamuyendetsa ngati wilibala. Sitinkadziwa kuti kufatsa ndi liuma zimagona nyumba imodzi.

Mu 1988 analembedwa ntchito kubungwe limene linkadzala mitengo m'mapiri a kumtunda kwa tauni yathu ino, kumene kumachokera mtsinje wodzaza damu. Achinyamata simungakhulupirire, koma mapiri aja anali mbee, dazi lokhalokha. Mvula ikagwa madzi ankatsika tsiku limodzi, ofiira, n'kukataya dothi m'damu, ndipo pofika Seputembala mipope inkangotulutsa mpweya. Anthu mazanamazana ankadzala mbande m'dzinja n'kubwerera kwawo. Ntchito ya malemu inkayamba iwowo akachoka: kuyendetsa thanki ya madzi, kukathirira mbande chilimwe chonse kuti zisafe. Dzina lija linachokera pamenepo.

Mu 1994 mvula inadula msanga. Amayi a mumsewu uno ankaima pamzere kuchitsime chimodzi chimene chinatsala, ndipo tsiku lililonse thanki inkadutsa pamzerepo itadzaza, madzi akudontha kumbuyo, ulendo wa kuphiri. Mumzeremo munalinso alongo anga, mwana ali kumsana. Anzawo ankawafunsa ngati kunyumba kwawo anabereka anthu kapena mitengo. Tsiku lina anaima pakati pa msewu, ndowa m'manja, n'kuwauza amuna awo kuti atsegule mpopi wa thankiyo. Malemu anakana. Anati mbande zikaphonya sabata imodzi, ntchito ya zaka zonse zija yapita pachabe. Madzulo ake alongo anga anamanga katundu, anatenga ana n'kubwera kwa ine. Analumbira kuti ngakhale atadzabwerera kubanja, phazi lawo silidzaponda m'nkhalango imene inamwa madzi a ana awo.

Ndinapita kukawakalipira alamu anga. Anandimvetsera mpaka malovu anandiuma, maso ali pangalande pamene mayi wina ankataya madzi ochapira. Patapita masiku anakagwada kwa mabwana awo, ndipo atavutavuta anawalola. Thanki inayamba kuima pamzere paja. Aliyense wobwera ndi ndowa ya madzi ochapira kapena osambira ankalandira ndowa ya madzi abwino, ndipo akudawo ankathiridwa m'migolo imene anaikweza pangolo yokoka kumbuyo. Mbande zina zinafa, sindingakunamizeni, koma zambiri zinapirira. Mitengo mukuiona ukoyo inakulira thovu la sopo wa mumsewu uno.

Alongo anga anabwerera kunyumba, koma lumbiro lawo sanalibweze. Nkhalango inakula, mtsinje unaleka kuphwa, mipope inayamba kutuluka mpaka mvula ina. Anthu anayamba kukatola nkhuni zogwa ndi bowa, ena kupachika ming'oma ya njuchi, koma iwo ayi ndithu. Malemu anapuma pantchito mu 2014, ndipo Loweruka lililonse ankawapempha kuti apite limodzi akangoona. Yankho linali lomwelo, loti apite okha kwa akazi awo aang'onowo. Malemu ankaseka, koma zinkawapweteka kwambiri. Anandiuzapo kuti ntchito imene mkazi wako sanaione imakhala ngati sunaigwire.

Matenda a impso anayamba mu 2021, ndipo pa 2 Okutobala chaka chino anagonekedwa m'chipatala. Kunja kunali kotentha koopsa, ndipo malemu ankafunsa aliyense wodzawazonda funso limodzi, ngati kasupe wa pakati pa nkhalango akutulukabe. Ana ankayankha kuti inde, koma iwo ankapukusa mutu. Ankati mwana amanena zokondweretsa wodwala, iwo akufuna kumva kwa munthu amene sanawanyengererepo.

Lachinayi m'mawa alongo anga anasowa m'chipindamo osatsanzika. Anabwera masana, nsapato zili matope okhaokha, botolo la madzi lili m'manja, n'kulikhazika pakabati ya pambali pa bedi. Anawauza amuna awo kuti madzi alipo, ndi ozizira, koma njira yake ndi yoipa pa mawondo a munthu wamkulu, ndipo akanayenera kuikonza kalekale. Madokotala anali atawaletsa malemu kumwa madzi ambiri, choncho anangonyowetsa milomo, n'kuligwira botololo pachifuwa. Pa zaka zonse zimene ndawadziwa, ndinali ndisanawaonepo akulira. Analira tsiku limenelo, ndipo anali okondwa. Anatisiya mawa lake, pa 11 Okutobala, ali ndi zaka 70.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi mlongo wawo mmodzi. M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino ndi madokotala amene anawasamalira, anzawo a kuntchito amene sanatope kudzawaona, aneba amene mwatigwira mkono kuyambira tsiku loyamba, ndi inu nonse amene mwasiya zochita zanu kudzatiperekeza. Mulungu abwezere pamene mwachotsa.

Alamu, tauni yonse inaona ntchito yanu kalekale. Anatsala munthu mmodzi, wovutitsitsa uja, ndipo nayenso anakaona ndi maso ake inu mukadali moyo. Mzimu wanu uuse mumtendere.