Ndinadwalira kuchikamwini

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Dzina langa ndi Layisoni, ndimathyola tiyi kuno ku Thyolo, ndipo ndili ndi matenda a muubongo amene kuchipatala amati sikizofireniya.

Anandiyamba ndili pachikamwini ku Khonjeni. Ndinkamva mawu a anthu osaoneka akundinena, mpaka tsiku lina ndinataya dengu la tiyi m'munda n'kuthawa. Apongozi sanachedwe, anandimangira zovala m'thumba n'kunena kuti mkamwini wamisala sasungidwa. Ndinasiya mkazi ndi mwana wanga Chisomo, ali ndi zaka zitatu.

Mankhwala anatontholetsa mawu aja, koma mtima unakana kukhala pansi. Ndinkangoyenda m'mizere ya tiyi, lero ku Luchenza, mawa ku Luchenza komweko, osagula kanthu, osalankhula ndi munthu. Anzanga a bawo akandiona ankasonkhanitsa nkhomo zawo. Pemphero langa linali limodzi basi: Ambuye, Chisomo asaiwale nkhope yanga.

Tsiku lina pamzere wolandira mankhwala ndinakhala pafupi ndi mayi Esinati, odwala matenda omwewa. Iwo anabwera ndi achemwali awo awiri komanso amayi a kumpingo, akuseka ngati ali kuchigayo. Nsanje inandigwira, sindinama. Ndinawafunsa chinsinsi chawo.

"Achimwene, ife akazi timadwalira pakwathu, abale atatizungulira," anatero. "Inu munadwalira kwa eni. Ndiye amunanu mukavutika mumangoti duu. Mwauzapo ndani?"

Ndinali ndisanauze aliyense.

Sabata yomweyo anatuma amuna awo, a Bonifasi, kapitawo wa kuesiteti, kudzanditenga. Anandipatsanso dengu, anandiika pamzere woyandikana nawo, ndipo ankandifunsa mafunso mpaka ndiyankhe, ndifune ndisafune. Patatha miyezi isanu anandiperekeza okha kwa apongozi kukandichitira umboni.

Ukwati sunabwerere, ndipo zimandiwawabe. Koma titakhala pamphasa, Chisomo anatuluka m'nyumba, anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anabwera kudzandigwira chala n'kunena kuti, "Ababa, munali kuti?"

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa wodwala mnzanga. Amuna anzanga, mutu umodzi susenza denga. Imwani mankhwala, pempherani, ndipo muuzeni wina zimene zikukusautsani. Inu apongozi, mkamwini akadwala musathamangire kumumangira thumba, pali mwana amene adzamufunse kuti anali kuti.