Ana Athu Tinawachotsa ku Utsi wa Balani

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndakupatsani moni. Ndili ndi umboni. Mawu akandithawa mundipirire, sindinaimepo kutsogolo chonchi.

Ine ndi bambo a mwanayu tinachokera ku Ntcheu chaka chatha, kudzakhala matenanti pa esiteti ija ya kuseri kwa Nsaru. Kuno tilibe mbale, tilibe manda. Nyengo ino yofukiza fodya, ife amayi timasoka masamba pa timitengo tija timati mikangala, pakhomo pa balani, ana ali kumbuyo. Utsi wake mukuudziwa, eti? Wa nkhuni zaziwisi, wolowa mpaka m'mkaka.

Anayamba kutsokomola ndi mwana wa a Nabanda, anansi anga. Kutsokomola, kutsokomola, kenako zii. Kapitawo anati, "Kaikeni msanga, fodya sadikira maliro." Tinakaika kumalire a munda, pansi pa bulugamu. Sitinalire mokweza, abale. Tinaopa.

Sabata isanathe, wanga uyu anayamba. Chifuwa chomwecho, kulira kopanda mawu, nthiti kulowa m'kati. Ndinapempha kuti ndikhale kunyumba. Kapitawo anati, "Ukapanda kudzaza mikangala yako, mukamange katundu." Tikanapita kuti, fodya wathu ali m'balani?

A Nabanda, maso ali otupabe, anayenda khomo ndi khomo. Anatisonkhanitsa kuchitsime ngati tikutunga madzi. Anati, "Tsiku lililonse mmodzi azitsala ndi ana onse, kutali ndi utsi. Mikangala yake tizimusokera enafe. Kapitawo amawerenga fodya, sawerenga mitu."

Ine ndinakana. Mundikhululukire abusa, ndinena zoona: mwanayu tinali tisanamutengere kumphasa, ndinaopa kuti akamugwira munthu wotentha adwala tsempho. Enanso anaopa zomwezo, aliyense wakumbatira wake. A Nabanda anati, "Iwe Nachisale, taona amene aima pano. Tonse ndife oyamwitsa, amuna athu akugona paokha. Wotentha ndani? Chotentha ndi balani." Mayi wina wa ku Mulanje anaseka, tonse tinaseka, misozi ili m'maso.

Ndinamupereka mwanayu. Tsiku limenelo ndinasoka ndikudzibaya, khutu lili kunyumba.

Koma kapitawo anazindikira. Anatiimika padzuwa, nati, "Wayambitsa ndani?" Tinati, "Tonse." Iye anangoloza a Nabanda. Wina anali atakanena kale. Anawathamangitsa ndi amuna awo tsiku lomwelo, mphasa pamutu, fodya wawo kutsala, mwana wawo kutsala pansi pa mtengo paja. Sitikudziwa kumene ali. Ena akuti anawaona ku Kabudula.

M'mawa mwake tinayang'anana. Ndani atsale? Mayi wa ku Mulanje uja anangoyala nsalu pansi, nati, "Bweretsani ana." Tinabweretsa. Kapitawo anaona, anawerenga mikangala, inakwana. Tonse sangatichotse fodya asanaume. Akauma, kaya.

Tsono muoneni mwanayu. Akuyamwa. Akupuma bwino, abale, akupuma! Ine ndinali nditayamba kuganiza za nsalu yomukulungira. Ndikuthokoza Mulungu amene analankhula pakamwa pa mayi wofedwa. Muwapempherere a Nabanda kulikonse kumene agona.

Ndikudziwa kuti zimene ndanenazi zikafika kwa kapitawo dzuwa lisanalowe, ndipo mawa wotsala ndi ana ndine. Ndikuopa, koma nditsala. Kondwerani nane. Amayi, nthungululu! Ikwere, kuti wokanenayo akanene ndi imeneyinso.