Mtsuko Wopendama wa Lea

Lea anafika ku Msumba pa tchuthi mtima uli m'mwamba. Ku koleji ku Lichinga mphunzitsi wa zaluso analamula kuti aliyense abwerere ndi mtsuko woumba yekha, wolephera abwereza chaka. Mitsuko yake ya m'kalasi inkagwa isanafike pakhosi, ndiye analawirira kwa azakhali ake a Amna, oumba mbiya otchuka, nawapempha kuti amuumbire umodzi mwakabisira.

A Amna sanafunse zambiri. Anakanda dongo, analipota ngati zingwe n'kumasanja pa phale, ndipo posakhalitsa mtsuko unaima, wosalala ngati dzira.

"Wakongola mopitirira, azakhali," anatero Lea.

"Zikomo."

"Sindikuyamika. Aphunzitsi adziwa kuti si ine. Upendamitseni pang'ono."

A Amna anatola kamwala n'kukaika pansi pa phale. "Wapendama."

"Osati phalelo. Mtsukowo."

"Walakwa chiyani?"

Lea anafotokoza modekha kuti aphunzitsi amalidziwa dzanja lake, choncho mtsukowo uyenera kuoneka ngati waumbidwa ndi munthu wosadziwa kanthu.

"Wosadziwa kanthu ali kunyanja ndi bwato," anayankha a Amna. "Amuna angawo abwera masana. Tiwadikire?"

"Iyayi. Ingokhuthalitsani mlomo mbali imodzi."

"Mbali iti?"

"Iliyonse."

"Kulibe mbali iliyonse. Kuli ya kunyanja ndi ya kuphiri."

Lea anasankha ya kunyanja. A Amna anaonjezapo dongo, koma dzanja linapitirira lokha, chikonyo cha chimanga chinasalaza, ndipo panatuluka kamlomo kothirira madzi kokongola kuposa poyamba. Lea anagwira mutu.

"Kodi kusukuluko mitsuko yopendama mumatungira chiyani?" anafunsa a Amna.

"Sititungira. Amangoupatsa malikisi."

"Amalowa angati? Ndikulitse mimba?"

"Malikisi salowa mu mtsuko, azakhali. Amalembedwa papepala."

"Nanga mtsuko wa chiyani? Tenga pepala."

Lea anachonderera, anatchula bambo ake omwe ankayembekezera kuona mwana wawo ali mphunzitsi chaka chamawa. A Amna anamva chisoni ndithu. Anayesa kachiwiri atatsinzina, kachitatu ndi dzanja lamanzere. Yonse inatuluka yoongoka.

"Pepa, mwana wa achimwene. Zala zikukana. Woipawo umaoneka bwanji?"

"Sunthani."

Lea anakhala pansi, anamanga chitenje, n'kukwatula dongo mwaukali. Ankasanja zingwezo akulongolola: apa pakhuthale, apa patupe, apa paoneke chala. Thukuta linkadonthera m'dongo. Mimba itayamba kufwamphuka, anaigwira ndi chikhatho osaganiza n'komwe, napitiriza. A Amna ankangomusunthira chikho cha madzi pafupi. Dzuwa litafika pamutu, mtsuko unali utafika pakhosi, mlomo wokhota, mimba yotupa mbali imodzi ngati tsaya la wodwala dzino. Koma unaima.

"Mwaona? Ndikufuna wotere," anatero Lea akupuma mwawefuwefu. "Tsopano umbani."

A Amna anauzungulira kawiri, anawerama, anauyang'ana m'kati. Kenako anatenga nsalu yonyowa n'kuufunda mwaulemu kuti uume pang'onopang'ono.

"Sukulu ndi yabwino, mwanawe," anatero. "Ine zaka makumi anayi ndikuumba, koma woipa chonchi sindikanautha."