Chofooka cha a Sufiyani

Chaka cha 1994, pamene aliyense wokhala ndi jekete ankafuna uphungu, a Sufiyani ogulitsa usipa kudoko la Bua anatsika panjinga thukuta lili kamukamu, nakwera pakhonde pa a Hubert, mphunzitsi wopuma wa paboma pa Nkhotakota. Ananyamula fomu ya chipani yofunika mboni yodziwa Chingerezi, ndipo galimoto yotenga mafomu inkanyamuka masana omwewo. Fomu ikanatsala, pa chisankho chachipulula a Sufiyani akanakaima kumbuyo kwa anzawo m'malo moti anthu aime kumbuyo kwawo.

"Sainani apa, aphunzitsi. Zina zonse ndalembetsa kale."

"Zonse ayi," anatero a Hubert, chala chikuyenda papepala. "Mzere uwu ukuti mboni ilembe chofooka cha munthuyu."

"Ndilibe. Dumphani."

"Pansipa akuti tisasiye mzere wopanda kanthu."

"Ndiye lembani kuti palibe."

"Bodza sindilemba, a Sufiyani."

A Hubert analowa m'nyumba mosafulumira, natuluka ndi dikishonale yaikulu ngati mtsamiro. A Sufiyani anayang'ana dzuwa. Mwa anthu onse odziwa Chingerezi m'boma lonseli, iwo anasankha amene amawerenga ngakhale timalemba tapansi.

"Chofooka chanu tonse timachidziwa, ndi pakamwa," anatero a Hubert akunyambita chala. "Vuto ndi loti Angerezi anachigawa patatu. Pali boast, pali brag, pali bluster. Ndiyenera kulemba liwu loyenera."

"Lalikulu ndi liti? Ndipatseni limenelo."

"Si maudindo awa."

"Chilichonse chili ndi chachikulu chake. Ine zazing'ono sindilandira."

"Tamverani kaye. Loyamba ndi la munthu amene chinthu ali nachodi, koma satha kukhala chete. Lachiwiri, chinthucho chilipo koma n'chochepa, iye ndiye amachikuza mpaka anthu kuthawa. Lachitatu ndi phokoso ndi kuopseza basi, mkati mulibe kanthu."

A Sufiyani anakonza kolala ya jekete. Apa panalibe chovuta.

"Loyambalo. Bositi. Akuluakulu akawerenga adziwa kuti munthuyu zinthu ali nazo."

"Chabwino. Tizione zinthuzo."

"Mukufuna umboni pa chofooka?"

"Ndine mboni. Mboni imaona."

"Iii, Mulungu wanga. Chabwino, lembani: maboti atatu."

"Atatu?"

"Awiri. Lachitatu lili m'njira."

"Lichokera kuti?"

"M'mapulani."

"Titsale ndi awiriwo. La injini ndi la mayi Rahila, akazi anu, anawasiyira ndi bambo awo. Linalo nkhuku zakhala zikuikiramo mazira kuyambira chaka cha chilala."

"Cha mkazi wanga ndi changa."

"Fomu ikufunsa za inu. Ya mayi Rahila ikabwera ndidzasaina osatsegula buku, ndipo ndidzakaima kumbuyo kwawo."

"Boti la nkhukulo ndi boti ndithu. Likungofuna thabwa limodzi."

"Lapansi. Ndiye chinthu chilipo, koma n'chochepa." A Hubert anatembenuza tsamba. "Mwatsikira pa lachiwiri."

"Ndatsika? Ndani wanditsitsa?"

"Nkhuku."

A Sufiyani anaimirira, nayenda kumapeto kwa khonde ndi kubwerako, akuponda mpunga umene mayi a pakhomopo anayanika pamphasa. Katundu ndi katundu, amabwera n'kupita. Koma mbiri ya munthu nkhuku siziikiramo mazira.

"Zisiyeni za maboti. Lembani za kuzunzika kwanga. Ine ndinamangidwa nthawi ya chipani chimodzi chifukwa chokana kugula khadi."

"Ndinalipo tsiku limenelo. Munakhala pabenchi kuyambira teni koloko mpaka thu koloko chifukwa njinga yanu inalibe mabuleki."

"Benchi linali lolimba, aphunzitsi."

"Makhadi munagula asanu, limodzi la mwana amene anali asanabadwe."

"Ndinagula mokwiya."

"Mkwiyowo munauonetsa kwa ndani?"

"Unali wamkati. Nanga nyali? Pa riferendamu, nyali ya matipate anaiyatsa ndani kudoko kwathu, ngati si ine?"

"Tsiku lovota munali m'bulangete ndi malungo. Anatha wailesi itangolengeza amene wapambana."

"Ndiye mukufuna munthu asachire?"

"Ndikungonena nthawi imene munachirira."

Kumsewu kunamveka hutala ya galimoto, kawiri. A Sufiyani anaidziwa. Magazi anawira, ndipo anawerama mpaka mphuno yawo kutsala pang'ono kugunda magalasi a mkuluyo.

"Aphunzitsi, mukundidziwa bwino ine? Ndikangolowa m'Nyumba ya Malamulo, ndidzakusamutsirani kusukulu ya kuthengo, kumene choko chimabwera kamodzi pachaka."

"Ndinapuma ntchito zaka zisanu zapitazo."

"Ndidzakubwezani pantchito kuti ndikusamutseni."

"Ndi mphamvu ziti?"

"Foni imodzi basi."

"Foni muli nayo?"

"Ya kupositi ndi ya tonse."

A Hubert anagwedeza mutu ngati dokotala amene wapeza matenda, natsegula cholembera.

"Kuopseza kulipo. Phokoso lilipo. Mkati mulibe kanthu. Tafika pa lachitatu, ndipo likukukwanani ngati anachita kukusokerani."

Apa a Sufiyani mphamvu zinawathera. Anakhala pansi pasitepe, navula jekete lija, lomwe linali lobwereka kwa alamu awo. Manyazi anawagwira, komanso mantha. Anali atauza doko lonse kuti Loweruka, tsiku la chipulula, mzere wawo udzafika mpaka kumlatho, ndipo tsopano ankaona nkhope za asodzi aja akubwera kudzawafunsa kuti bwana, tiime kumbuyo kwa ndani.

"Musalembe limenelo, aphunzitsi," anatero motsitsa mawu. "Ndikuuzeni zoona. Ndilibe boti. Sindinamangidwepo. Tsiku lovota ndinachita mantha. Ndine munthu wa usipa, sukulu ndinalekera sitandade fo. Koma mvula ikagwa msewu wa kudoko umafa, nsomba zimaolera pathandala, amayi amalira ndikuona. Ophunzira onse amene anatiimirapo sanafikeko ndi kamodzi komwe. Ine chimene ndili nacho ndi pakamwa pomwepa, ndiye ndinati mwina ndikakalalata kumeneko wina adzamva."

A Hubert anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya malaya. Kenako anatseka cholembera, natsekanso dikishonale.

"Mwalankhula bwino. Loweruka ndidzaima kumbuyo kwanu."

"Alhamdulillah. Ndiye sainani."

"Sindingathe."

"Chifukwa chiyani tsopano?"

"Mwanena zoona zokhazokha. Mawu atatu aja palibe limene likukukwanani. Chofooka chatha, mzere watsala wopanda kanthu, ndipo pansipa akuti..."

"Ndikudziwa zimene akunena pansipo. Lembani lililonse."

"Lingakhale bodza. Munthu amene wakhala pasitepe pangayu ndi wodzichepetsa."

"Lembani za munthu wa m'mawa uja."

"Fomu ikufunsa za lero, nthawi ino. Mwina mudzitameko pang'ono, tione."

"Sindingathe. Mwandivula zonse."

"Yesani za maboti."

"Ndi a nkhuku."

"Za benchi?"

"Mabuleki."

Hutala inaliranso, ulendo uno motalika, ndipo injini inayamba kuguguda. A Sufiyani anadzuka, jekete m'manja, maso ali psuu.

"Zisiyeni. Galimoto ipite. Koma mudziwe chinthu chimodzi, aphunzitsi. Zimene ndachita pakhonde panozi palibe wina angazichite. Yendani kuyambira ku Benga mpaka ku Ngala, funsani m'mizikiti ndi m'matchalitchi momwe, simudzapeza munthu wodzichepetsa ngati ine. Kudzichepetsa kuno ndinabweretsa ndine. Ndipo amene angatsutse, ndithana naye."

Cholembera chinali chitayamba kale kuthamanga. A Hubert anasaina, napemerera inki, nawapatsa fomu ndi manja awiri.

"Thamangani, mungatsale."

A Sufiyani anadumphira panjinga, koma anatembenuka phazi limodzi lili pansi.

"Mwalemba liti?"

"Onse atatu, olemekezeka. Mwawakwanitsa mpweya umodzi."